Za Chishalo Chotsika ndi Chala Chimene Unandifunsa

Mzimba Boma,
Lachisanu masana.

Mwana wanga Lusungu,

Ndakhala pakhonde la kuseri, pamene pali kamthunzi, ndipo ndikulemba pa mapepala amene ndathothola m'kope lako lakale la masamu. Iwe wapita kukatsanzika azakhali ako. Amayi ako ali m'nyumba akusita zovala zako kachiwiri, ngakhale unawauza kuti zikakwinyikanso m'chikwama. Mawa m'mamawa ukunyamuka ulendo wa ku Zomba kukayamba koleji, ndipo pali funso lako limodzi limene sindinaliyankhe bwino. Sindikufuna upite ndi yankho lija.

Lamulungu lapitali tikudya unandifunsa kuti, “Adada, chitsulo chija chokweza ndi kutsitsa chishalo munthu ali panjinga pomwepo, mukuona ngati n'choyenera kugula? Anzanga akuti ku phiri la Zomba n'kotsetsereka kwambiri.” Ine ndinangoti ndi zidole za anthu osowa chochita ndi ndalama, n'kupitiriza kudya. Iwe unatola mbale n'kutuluka. Amayi ako anadikira kuti ufike kuseri, kenako anati, “A Kachingwe, mwana wakufunsani chinthu chimoza chomwe mukuchidziwa makora kuposa munthu aliyense pa boma pano, mbwenu mwamukankhira kutali.” Ananena zoona. Ndapalasa njinga zaka zoposa makumi atatu ndikuyendera ng'ombe za anthu, ndipo zolakwa zanga zazikulu panjinga zinali za chishalo. Ndiye ndikuuza zonse, iwe usankhe wekha. Usayese kuti ndikuphiphiritsa nkhani ina. Ndikunena za njinga basi.

Ndinafika ku Manyamula ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, nditangomaliza maphunziro a zaziweto, Chitumbuka osadziwa ngakhale moni. Kwathu ku Ntcheu ndinali nditakwerapo njinga ya amalume, koma yangayanga ndinali ndisanakhalepo nayo. Ku ofesi anandipatsa njinga yakuda, yolemera, yopanda magiya, ya mabuleki achikale aja a tizitsulo. Ndinaikonda tsiku lomwelo. Vuto linali msinkhu wanga, umene iwe ukuudziwa bwino chifukwa unandipitirira uli Folomu 2. Tsiku loyamba ku dibi, kumene ng'ombe zimasambitsidwa mankhwala a nkhupakupa, mdala wina mwini khola lalikulu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa anzake kuti, “Kamwana aka ndiko kadokotala?” Onse anaseka. Madzulo ake ndinakweza chishalo mpaka pothera chitsulo chake, kuti ndikamadutsa pamsika anthu azikweza maso pondiyang'ana. Zala zakuphazi zokha ndizo zinkafika pa mapedulo. Ndinkapalasa chiuno chikugwedezeka uku ndi uku ngati bakha, koma mumtima ndinkati ndikuoneka bwana.

Panali a Ngwira, okonza njinga patsinde pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo, munthu wosathamangira kulankhula. Tsiku lina ndikupopetsa tayala anagwira chishalo changa, n'kundiyang'ana miyendo. Anati, “Adokotala, chishalo ichi nchitali chomene. Pa mtsetse wa kwa Zebediya chizamukuponyani.” Ndinawayankha kuti ine ndinapita kusukulu, ndikudziwa chimene ndikuchita. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Iwo anangoti, “Yewo,” n'kupitiriza kumata chubu cha munthu wina.

Sipanathe milungu iwiri. Mvula inali itagwa, ndipo njira ya kwa Zebediya, imene imatsikira kumtsinje, inali itakumbika tingalande. Ndinayamba kutsika nditakhala pamwamba paja, bokosi la mankhwala lili pakeliyala. Njinga itayamba kuthamanga ndinafuna kubweza thupi m'mbuyo, koma chishalo chinanditsekereza. Ndinafuna kuponda pansi, mapazi osafika. Tayala lakutsogolo litalowa m'kangalande ndinadutsa pamwamba pa handulo n'kukagwera phewa. Botolo la mankhwala a zilonda, aja ofiirira, linasweka n'kundithira malaya onse. Amayi amene ankachapa kumtsinje anathamanga akulira poganiza kuti ndi magazi, ndipo ataona kuti ndi mankhwala, mmodzi anaseka mpaka kukhala pansi. Fupa lija lochoka pakhosi kupita paphewa linali litathyoka. Miyezi iwiri ndinkayendera makola wapansi, dzanja lili m'nsalu, ndipo anthu a kwa Zebediya anandipatsa dzina loti dokotala wakuwuluka.

Nditachira ndinabwerera kwa a Ngwira. Sananene kuti ndinakuuzani. Anandikhazika panjinga, iwo atagwira handulo, n'kundiuza kuti ndiike chidendene pa pedulo ili pansi. Anasuntha chishalo mpaka mwendo unawongoka popanda chiuno kupendekeka, ndipo anatenga msomali n'kukanda chizindikiro pachitsulo. Kenako anachitsitsa utali wa zala zinayi zopingasa n'kukandanso. Anati, “Cha pachanya ichi ncha pa chitunda na pa msewu wabwino. Cha pasi ichi ncha pa mtsetse. Pokwera, mwendo ukufuna malo otambasukira. Potsika, thupi likhale pansi ndiponso kumbuyo, phazi lizipeza dothi msanga.” Anandipatsa sipanala yaing'ono, n'kundiuza kuti ndiziimangirira ndi mphira pansi pa chishalo. Ukuona, Lusungu, chinthu chimene ukufuna kugulacho si chatsopano ayi. Ndi zizindikiro ziwiri za a Ngwira zomwezo, kungoti anthu apeza njira yoti chala chachikulu chizigwira ntchito ya sipanala.

Cholakwa chachiwiri chinabwera chifukwa cha mantha. Kugwa kuja kunandilowa mumtima, moti chishalo ndinachisiya pa chizindikiro cha pansi, osachikwezanso. Ndinkati bola ndizifika wamoyo. Ndinapalasa choncho zaka zinayi, ndipo atandisamutsira ku Champhira, kumene zitunda zake iwe ukuzidziwa, ndinapitiriza kukankha mapedulo ndi mawondo opindika. Bondo lakumanja linayamba kulira ndikamadzuka pampando, kenako kutupa. Adokotala a kuchipatala cha mishoni ataligwira anandifunsa funso limodzi lokha, kuti chishalo cha njinga yanu n'chachitali bwanji. Bondo limene ndimalikulunga mpango mwezi wa Juni uliwonse ndi limenelo. Ndiye usamve nkhani yoyamba ija n'kuganiza kuti chishalo chachifupi ndiye chitetezo. Nachonso chimapweteka, kungoti sichionetsa msanga. Munthu woyenda m'mapiri amafunika zizindikiro zonse ziwiri, ndipo amazifuna kangapo pa ulendo umodzi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumvera a Ngwira mokwanira, ndipo zaka zimenezo ndi zimene ndimazikumbuka kwambiri. Ndinkanyamuka mame asanaume, akunyowetsa thalauzi, manja ataumira pahandulo ndi chisanu. Pamwamba pa chitunda chilichonse chachikulu ndinkatsika, kumasula mphira, kutsitsa chishalo, kumanga. Ndikawoloka mtsinje kumunsi, chimodzimodzi, kukweza. Pamalo oimira amenewo m'pamene ndinadziwira dziko lino. Ndikamamanga bawuti ndinkamva ng'ombe zikulira kutali, fungo la fodya lochokera m'zigafa, ndipo mwezi wa Seputembala tchire lonse linkafiira ndi masamba atsopano. Alimi ankadziwa poimira panga, moti ena ankandidikirira pomwepo ndi nkhani ya ng'ombe yotupa mimba, ena ndi chikho cha chambiko kapena masuku a m'chipewa. Chitumbuka changa chokhotachi, chimene mumachiseka ndi amayi ako, ndinachiphunzira nditagwada pambali pa njinga.

Amayi akonso ndinawapeza pamalo otero. Pamwamba pa mtsetse wina, panjira ya ku dibi limene ndinkapitako Lachiwiri, panali nyumba ya agogo ako a Hara. Lachiwiri lililonse ndinkaima patsogolo pa nyumbayo ndi sipanala yanga. Sabata ina mtsikana amene ankapeta nyemba pabwalo anabwera kumpanda n'kufunsa kuti, “Kasi njinga yinu yikuwonongeka pamalo ghamoza pera sabata na sabata?” Ndinamufotokozera za zizindikiro ziwiri zija mwatsatanetsatane, mpaka kumuonetsa pamene panakandidwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Ine nimati mukusowa poyambira kundipatsa moni.” Kunena zoona ndinalibe maganizo amenewo, koma Lachiwiri lotsatira bawuti inanditengera nthawi yaitali kumanga. Ndikaganiza kuti ndikadakhala ndi chishalo chotsika ndi chala ndikadangodutsa pa nyumba imeneyo osatembenuka, ndimaseka ndekha. Mwina n'chifukwa china chimene ndinakuyankhira mwaukali Lamulungu lija. Munthu ukakula umafuna kuti zimene unavutika nazo zikhalebe zofunika.

Tsopano ndikuuze chimene sunamvepo. Ndapempha chilolezo kwa amayi ako m'mawa uno, ndipo anati, “Muuzeni, wakula.” Dzanja lawo lamanja lija lokhota pamfundo, limene limawalepheretsa kufinya zovala mpaka kumasitira lamanzere, unauzidwa kuti anaterereka kuchitsime. Sanaterereke kuchitsime. Ndinawagwetsa ndine.

Anali ndi pakati pa iwe, miyezi isanu ndi iwiri. Linali tsiku la sikelo, ndipo ndinali nditalonjeza kuwaperekeza panjinga. M'mawa mwake munthu wina anabwera kudzanditenga kuti ng'ombe yake ikulephera kubereka, ndipo pobwerera dzuwa linali litakwera. Ochedwa kusikelo ankakalipiridwa pamaso pa anzawo, ndiye tonse tinali ndi phuma. Ndinawayalira chitenje pakeliyala, tinanyamuka. Titafika pamwamba pa mtsetse womaliza, amayi ako anandikoka malaya kumsana. Anati, “Imani mutsitse chishalo. Panyake ine nditsike ndiyende wapansi.” Ine ndinati, “Tachedwa kale. Nditsika pang'onopang'ono, ingogwiritsitsani.” Sipanala inali pomwepo, pansi pa chishalo. Ntchito yake sinkatenga nthawi yoposa kumanga zingwe za nsapato.

Pakati pa mtsetsewo panali mchenga umene mvula inaunjika. Ndi anthu awiri panjinga, mabuleki sanagwire monga ndinkayembekezera. Tayala lakumbuyo linayamba kupita chammbali. Ndinatulutsa phazi kuti ndiponde, koma silinapeze kanthu. Chishalo chikadakhala pa chizindikiro cha pansi ndikadaima, ndikudziwa, chifukwa sitinkathamanga n'komwe. Tinagwa chammbali, pang'onopang'ono, ine ndikuona zonse. Amayi ako anafungatira mimba ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulitsogoza pansi. Ndinamva kuthyoka kwake. Sanalire. Anangoti, “Mwana.”

Bambo wina amene ankapita kuchigayo ndi ngolo anatsitsa matumba ake pambali pa njira n'kutikweza. Kuchipatala namwino sanayambe ndi dzanja. Anawagoneka n'kuika pamimba kachitoliro kaja komvera mwana, khutu lake lili mbali inayo. Anamvetsera, anasuntha, anamvetseranso. Ine ndinaima pakhomo, fumbi thupi lonse, ndikuyang'ana nkhope ya namwinoyo. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako anaweramuka n'kunena kuti, “Kamtima kakugunda bwinobwino.” Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo.

Madzulo ake agogo ako anafika ndi amalume ako a Yotamu, nkhope zitachita tsinya. Ine ndinali mkamwini wochokera kutali, ndipo ena pabanjapo anali asanandivomere ndi mtima wonse. Ndisanatsegule pakamwa, amayi ako anati, “Ndinaterereka kuchitsime, adada. Iwowa ndiwo anditola.” Agogo ako anayang'ana chigongono changa chosupuka, anayang'ananso mwana wawo. Ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Atachoka ndinafunsa amayi ako chifukwa chimene ananamira. Anati, “Akanati ndibwerere kwathu. Ine sindikufuna kubwerera kwathu, ndikufuna muzimva ndikati imani.” Dzanjalo linalumikizana mokhota. Zaka zonsezi sanandikumbutsepo nkhaniyi, ngakhale masiku amene tinakangana kwambiri.

Chimene ndikufuna umvetse ndi ichi, mwana wanga. Ndinkadziwa choyenera kuchita, chida ndinali nacho, wondichenjeza analipo. Chimene chinandikanika ndi kuima kokha. Munthu akakhala ndi phuma, kapena anzake akamamusiya m'mbuyo, saima. Iwe ukakhala m'gulu la okwera njinga m'phiri, ambiri anyamata, ndipo ndikukudziwa: sudzafuna kukhala amene akudikiritsa anthu. Udzati mtsetse uwu ndi waufupi, ndingotsika chonchi. Ndiye chitsulo chimene chimatsitsa chishalo popanda kuima, kwa munthu wa mtima ngati wako ndi wanga, si chidole.

Koma usathamangire kugula chilichonse chonyezimira, chifukwa pamenepanso ndinalakwapo. Amalume ako a Yotamu atabwera ku Joni ulendo wawo woyamba anandibweretsera kachitsulo komangira chishalo ndi dzanja, kosafuna sipanala. Umangokatsegula, kusuntha chishalo, kutseka. Ndinakondwa mpaka kukaonetsa anthu ku dibi. Bawuti yakale ndinaiponya m'tchire ndi manja angawa. Kachitsuloko kanali kakukulu pang'ono kuposa paipi ya njinga yanga, ndipo a Yotamu sakadadziwa zimenezo. Chishalo chinkamira chokha pang'onopang'ono ndikamapalasa, ine n'kumakakamiza kumanga mwamphamvu tsiku ndi tsiku, mpaka kanathyoka ndili panjira yopita cha kumalire a Kasungu. Chishalo chinkangozungulira, osatheka kukhalapo. Wokonza njinga wa pa golosale ina kumeneko anakatembenuza m'manja n'kunena kuti zotere sanazionepo, ndipo bawuti yolingana analibe. Ndinapitiriza ulendo, pena kupalasa choimirira, pena kukankha, ndipo ndinafika dzuwa litapendeka, ng'ombe imene anandiitanira itafa kale. Inali ng'ombe yokoka ngolo, ndipo mwini wake analibe ina. Sanandikalipire, koma sanandiitanenso.

Ndiye ukafuna kugula, upite ndi njinga yako yomweyo, ayeze kukula kwa paipi iwe ukuona. Ufunse kuti chikafa amakonza ndani, ndipo upite ukamuone munthuyo ndi maso ako, osangomva kuti alipo ku Blantyre. Ngati n'chogwiritsidwapo kale ntchito, ukhalepo ndi thupi lako lonse chili pamwamba, uone ngati sichikumira chokha. Uchigwedeze uone ngati sichikusewera. Ndipo chitsulo chakale usataye. Uchikulunge m'nyuzipepala pamodzi ndi bawuti yake, uchiike pansi pa bedi. Ndikubwereza, Lusungu, usataye.

Komanso chisakhale choyamba. Mabuleki ako akumbuyo ndinawamva dzulo akulira. Tayala lakutsogolo latha mano pakati. Chipewa chako cholimba cha panjinga chili ndi mng'alu umene ukuganiza kuti sindinauone. Zimenezi ziyambe, ndipo patsogolo pa zonsezi pakhale chakudya ndi mabuku. Ukakapeza kuti ku Zomba ukungoyenda pa tala kuchokera kogona kupita m'kalasi, chitsulocho chisiye. N'cholemera, ndiponso chimakopa maso a akuba. Ntchito yake ndi m'phiri basi. Ndipo mwamuna wina akadzati ndikugulira, uthokoze n'kukana. Ife tikakolola tidzaikapo dzanja, ungodikira.

Sindingalembe za njinga osakumbukira mmene unayambira. Uli ndi zaka zinayi ndinakhomerera kathabwa pa chitsulo chopingasa cha njinga yakuda ija, n'kukakulunga nsanza, ndipo Loweruka lina lililonse ndinkapita nawe ku dibi. Unkagwira handulo pakati pa manja anga, chipewa cha ubweya chikundikhudza pachibwano, ndipo ukaona ng'ombe unkaliza belu kuti zipatuke. Tikafika pa mtsetse ndinkakutsitsa, kutsitsa chishalo, ndipo sipanala unkaigwira ndiwe. Utafika zaka zisanu ndi zitatu unaphunzira kupalasa chammbali, mwendo utaulowetsa pansi pa chitsulo chija chifukwa pachishalo sunkafika. Ndinkathamanga pambuyo pako ndi bondo langa lodwala nditagwira keliyala, iwe ukundiuza kuti, “Siyani, adada, siyani.” Ndinakuphunzitsa ndine, ndipo ndinkanyada.

N'chifukwa chake cholakwa chomalizachi chimandiwawa, pakuti ndinalakwira iweyo. Uli ndi zaka khumi ndi zitatu, titasamukira kale pa boma pano, ndinakuona ukutsika njira ya miyala ya kuseri kwa tchalitchi pa njinga yanga, utaimirira, diresi ikuuluka, ukuseka. Sindinaone mwana wodziwa njinga. Ndinaona mchenga uja. Ndinachotsa tcheni n'kukalibisa padenga la khitchini, ndipo utafunsa chifukwa ndinati atsikana sachita zimenezo. Linali bodza, ndipo ndinaona m'maso mwako kuti wadziwa. Sunasiye. Unayamba kubwereka njinga za a kabaza akamapuma, zina zopanda buleki n'komwe, ndipo ine ndinadziwa patapita chaka, amayi ako atandiuza kuti, “Mwabisa tcheni, mbwenu mwana akuyenda pa njinga zopanda mabuleki. Mwapindula chiyani?” Ndinabwezeretsa tcheni koma sindinapepese. Ndikupepesa lero. Ndinakusenzetsa mantha anga osakuuza kumene achokera.

Lachitatu, iwe uli kumsika, ndinapita kwa a Likoswe, aphunzitsi aja a ku Blantyre amene mumakwera nawo njinga Loweruka. Ndinawauza kuti ndabwera kudzaona chidole chija. Anaseka, n'kutulutsa njinga. Anandionetsa kachitsulo ka pahandulo kokanikiza ndi chala chachikulu, waya wolowa m'paipi, ndipo anati m'kati muli mpweya ndi mafuta. Ukakanikiza utakhala, chishalo chimatsika ndi kulemera kwako. Ukakanikiza utaimirira, chimabwerera pamwamba. Anandiuzanso zoipa zake osabisa: fumbi ndi matope zimachidya ngati suchipukuta ukabwera, waya umatha, ndipo nthawi ndi nthawi chimafuna munthu wochidziwa, osati wa hamala. Anati, “Bambo Kachingwe, ine ndinakwera zaka zambiri wopanda chimenechi ndipo sindinafe. Koma chiikireni, potsika ndimayang'ana njira m'malo moyang'ana pogwera.”

Ndinawapempha kuti ndiyeseko. Anayang'ana bondo langa, koma sanakane. Tinapita ku njira ya miyala yomwe ija. Ndinakwera pang'onopang'ono, mwendo ukutambasuka bwino. Pamwamba dzanja langa linapita lokha pansi pa chishalo kukafuna sipanala, ndipo a Likoswe anati, “Chala, bambo, chala.” Ndinakanikiza. Chishalo chinatsika mwakachetechete, ndipo ndinapezeka ndili pansi, chakumbuyo, mapazi ali pafupi ndi dothi, monga a Ngwira ankafunira. Ndinatsika miyala yonseyo mtima uli m'malo. Nditafika kumunsi ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana handulo. A Likoswe anafunsa ngati bondo lapweteka, ndinati ayi. Sindikadatha kuwauza kuti ndikuganiza za tsiku la sikelo. A Ngwira anamwalira kalekale. Ndikadakonda akadachigwirako, ngakhale ndikudziwa kuti akadayamba n'kufunsa kuti, nanga chikafa.

Yankho langa ndi limenelo. Ngati ukakwere phiri ndithu, n'choyenera kugula, pambuyo pa mabuleki, tayala ndi chipewa. Koma chala sichiganiza chokha. Uzitsitsa chishalo mtsetse usanayambe, osati uli pakati. Usamakwere phiri wekha, ndipo wina wa kogona kwanu azidziwa njira imene watenga ndi nthawi yobwerera. M'njira za m'phiri mumayenda amayi osenza nkhuni amene sangatembenuze khosi msanga. Uzichepetsa liwiro, uziwapatsa moni, njirayo ndi yawo. Mtsetse ukakuopsa, tsika ukankhe, oseka aseke. Ndipo amene uli naye akadzati tiime, uime, ngakhale mwachedwa bwanji.

Kalatayi ndiipinda ndiike m'thumba la jekete lako. Uiwerenge basi itadutsa pa Jenda, osati pamaso panga. Pa Lilongwe posintha basi usasiye njinga m'manja mwa munthu amene sukumudziwa, ngakhale akhale waulemu chotani. Uziwaimbira foni amayi ako Lamulungu lililonse, ndipo akafunsa ngati ukudya usamawayankhe mwachidule.

Mawa ku depoti udzandiona ndikukangana ndi kondakitala za kamangidwe ka njinga yako. Ndidzamasula chingwe chimene iyeyo wamanga kale, ndidzafunafuna makatoni oika pakati pa magiya ndi katundu wa anthu, ndidzachedwetsa basi mpaka okwera kudandaula. Usachite manyazi, ndipo usandiletse. Ndikapanda kukhala ndi chingwe m'manja ndiye kuti ndiyenera kukuyang'ana kumaso, ndipo zimenezo sindingazithe pagulu.

Uyende bwino, mwana wanga. Chiuta akusunge.

Ndine bambo ako,
E. Kachingwe